Mkeka wa Mphonje Zofiira

Cholakwa cha Arishi chinali chaching'ono, choti ngakhale munthu wolongolola sakanataya nacho malovu. Anangogoneka bambo ake pamkeka.

Bambo akewo, a Baliyatoni, anakalambira pachiwongolero cha chombo. Ndevu zawo zinayerera panyanja, ndipo kwawo ku Gadiri kunalibe mmalinyero amene sanalawepo pakamwa pawo. Koma ulendo uwu malungo anawagwira chombo chili pakati pa madzi, moti pofika ku gombe la golide anali atatsala mafupa okhaokha. Chombo chikangopendekeka pang'ono ankasanza, ngakhale m'mimba munalibe kanthu. Mwini chombo, a Safoti, anawayang'ana kanthawi n'kuuza Arishi kuti awatsitse akagone posagwedezeka.

"Koma kutali ndi katundu, wamva? Kuseri kwa thanthwe lija. Eni dziko akaona munthu pafupi ndi malonda satuluka m'nkhalango. Madzulo tikawatenga."

Malonda a gombe limenelo anali opanda pakamwa kuyambira nthawi ya makolo. Amalinyero ankayala pamchenga mikeka ya mphonje zofiira, n'kuikapo nsalu za chibakuwa, mitsuko ya vinyo, mikanda ndi mipeni. Akatero ankafukiza utsi n'kubwerera kuchombo. Eni dziko ankatuluka m'mitengo, n'kuthira golide m'mphepete mwa mkeka uliwonse umene wawasangalatsa, n'kukabisalanso. Golideyo akakwanira, amalinyero ankamutola, ndipo kumutolako ndiko kunali kuvomera. Akachepa ankamusiya, ogulawo n'kuwonjezera, kapena n'kuchotsa golide wawo akaona kuti zawakulira. Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo aliyense ankalilumbira paguwa la mulungu wawo Melikati chombo chisananyamuke: golide akagwa pamkeka, munthu wa m'chombo sakhudzanso chili pamkekapo.

Arishi anabereka bambo ake mpaka kuthanthwe. Pamthunzipo panali nyerere zoluma, ndipo atangowakhazika pansi zinayamba kuwakwera m'miyendo. Anathamangira kukabwato kukafuna choyala, napezamo mkeka umodzi umene unatsala poyala malonda. Anauyala, nawagoneka, nawaikira kamtsuko ka madzi kumutu. Mphonje zofiirazo anaziona ndithu, poti maso anali nawo, koma mutu wake wonse unali pa kupuma kwa nkhalambayo.

Utsi utakwera, onse anaima m'mbali mwa chombo n'kumayang'ana. Eni dziko anatuluka monga mwa nthawi zonse, aataliatali, osafulumira. Anazungulira mikeka, anawerama, anadzuka. Kenaka mmodzi analoza kuthanthwe, ndipo kagulu kanalowera kuseri kuja.

Arishi anapenyetsetsa kuthanthweko. Anadikira kuti atuluke, koma sanatuluke. Ena anathamangira m'nkhalango n'kubwera atasenza masamba a kanjedza. Iye anali atakweza kale mwendo kuti adumphire m'madzi pamene a Safoti anamugwira lamba.

"Ukufuna kutiphetsa? Anthu awa sanaphepo munthu wogona. Khala pansi."

Dzuwa litapendeka anapalasa kupita kumtunda. Arishi sanadikire kuti kabwato kagunde mchenga. Anapeza bambo ake ali m'tulo, akupuma, pamwamba pawo pali kachisakasa katsopano. Anatsala pang'ono kuseka ndi chimwemwe. Kenaka anaona chimene chinali kumapazi kwawo: kamulu ka golide, kothiridwa mwaulemu pamphonje zenizenizo.

Akibori, mmalinyero wamfupi amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale m'chimphepo, ndiye anayamba kuseka. "Aise, wagulitsa mdala? Ukanatiuza, ifenso tili nawo kunyumba." Phwete lakelo linafera pakhosi.

Arishi anawerama kuti awanyamule. A Safoti anamukoka ndi mphamvu mpaka anagwa chagada pamchenga.

"Usakhudze."

"Ndi bambo anga."

"Ali pamkeka, ndipo golide wagwapo. Unalumbira ndi pakamwa pako. Tayang'ana uko, koma usaloze."

M'mphepete mwa nkhalango munali zii, koma pakati pa masamba pankaoneka nsonga za mauta. Zinkakhalapo chaka chilichonse, kungoti munthu wopanda mlandu saziona. A Safoti anamukumbutsa za chombo china chimene amalinyero ake ananyamula mtsuko umodzi wokha golide atagwa kale. Kabwato kawo sikanabwererenso, ndipo gombe linatseka mpaka makanda a chaka chimenecho atamera ndevu. Nkhaniyo Arishi ankaidziwa. Anali ataimva kwa bambo ake omwewo.

"Ndiye nditani, a Safoti?"

"Palibe chochita. Golide uyu timusiya. Akaona kuti sitikumufuna, atopa, achotsa, ndipo mdalayu ndi wakonso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawuwo anali anzeru, ndipo Arishi anawagwiritsa ngati womira amene wapeza thabwa. Anagwada kunja kwa mphonje, manja ataika kumbuyo kuopa kuti angamupereke, naitana. Nkhalambayo inatsegula maso pang'ono, inang'ung'udza za chingwe china chimene sichinamangidwe bwino, n'kugonanso. Milomo yawo inali yosweka ndi ludzu. Kamtsuko kanali pafupi, koma pamkeka, ndipo mwana wawo sakanatha kuwamwetsa. Anabwerera kuchombo osadziwa kuti miyendo yamufikitsa bwanji kukabwato.

M'mawa anafukizanso utsi. Eni dziko anatuluka, anapita kuthanthwe, anakhalitsa. Arishi anapemphera kwa Melikati, kwa Eshimuni wochiritsa, ngakhale kwa milungu ya eni dzikowo imene sankaidziwa maina. Atafika kumtunda anathamanga. Kamulu kaja kanali katakula.

Apa m'pamene anamvetsa msampha umene analowamo. Makolo amene anakonza malonda amenewa anali ochenjera, koma anaiwala chinthu chimodzi. Anapeza njira yonenera kuti eya, ndi njira yonenera kuti wonjezerani. Njira yonenera kuti ichi si chogulitsa sanaipeze, poti ndani angaike pamkeka chinthu chosagulitsa? Kukana kulikonse kwa Arishi, m'maso mwa ogulawo kunali kukweza mtengo.

Malonda ena onse anatha bwino. Nsalu zinapita, vinyo anapita, mikeka inakulungidwa n'kubwerera m'chombo. Pagombe panangotsala mkeka umodzi, ndipo m'mawa uliwonse golide wake ankawonjezereka. Arishi analeka kudya. Ankatenga mkate wake wa balere n'kuufinya m'manja mpaka unyenyeke. Ntchito yake inali imodzi, kuyang'ana manja a anzake. Anthu amene anakoka nawo zingwe zaka zambiri, amene anagawana nawo nkhuyu yomaliza, tsopano ankawaona ngati afisi. Ndipo si kuti ankawanamizira kwenikweni. Akafika kuthanthwe maso awo sankayambira kwa wodwala.

"Ine sindikunena kanthu," anatero Akibori tsiku lina pa chakudya, "koma mtsuko wa vinyo wabwino wa ku Sidoni sunafike theka la mdala wathuyu. Ndiye vinyo satukwana munthu."

Ena anaseka chamumtima. Arishi sanadzutse mutu.

"Komanso akumusamala, achimwene. Mwaona mafuta amene amupaka? Kwathu ndani anamupakapo mafuta?"

"Tseka pakamwa, Akibori," anatero a Safoti. Koma anachedwa kunena, ndipo Arishi anaona kuchedwako.

Masana a tsiku lomwelo, ali kuthanthwe, Akibori ananjuta pafupi ndi mulu uja, akuti angoona ngati ndi golide wa mumtsinje kapena wokumba. Dzanja lake linkalendewera pamwamba pake ngati la mwana pambale ya uchi. Arishi sanakumbuke kusolola mpeni. Anangozindikira uli pakhosi pa mnzakeyo.

"Khudza. Khudza uone."

Anzawo anawalekanitsa. Pobwerera m'kabwato, Arishi anachita manyazi, koma mantha anali aakulu kuposa manyazi.

Chimene aliyense ankaopa kutchula chinabwera chokha. Mphepo imene inawabweretsa inafooka, ndipo inayamba ina, yopepuka, yochokera kumwera. Ndiyo inali yobwerera nayo kwawo, ndipo pagombe limenelo siichedwa. Chombo choiphonya chimakhala miyezi chikulimbana ndi mafunde, madzi akumwa akununkha m'mitsuko, anthu akumagwa mmodzimmodzi. A Safoti anaitana Arishi kutsogolo kwa chombo, pamene ena sakanamva.

"Bambo ako anandiphunzitsa nyenyezi. Usandiyese chinyama."

"Tidikireko pang'ono. Golide wawo ali ndi malire."

"Mphepo nayonso ili ndi malire. M'chombo muno aliyense ali ndi omudikira pakhomo. Mawa tikweza thanga."

"Mutola golideyo?"

"Ine ayi. Dzanja langa silidzamukhudza, ndipo ndaletsa onse. Ndi bambo ako, ndi mkeka wako." Anakanda ndevu. "Koma tikachoka osatola, tawasiyira munthu n'kuwanyozanso. Ukawanyamula, ukudziwa chimene chili m'mitengomo. Ine njira yachitatu sindikuiona. Ngati ukuiona, ndiuze."

Arishi sanaione. Anaganiza zosambira yekha dzuwa litalowa, koma eni dziko ankasonkha moto pafupi ndi thanthwe n'kumalondera malonda awo, monga amachitira munthu aliyense woona mtima. Anaganiza zoika mpeni wake ndi chovala chake pambali pa golide wawo ngati kuwombola, koma akanangoona mkeka wina. Maganizo ake ankazungulira pamodzimodzi ngati bulu wa pamphero. Pomaliza anasankha chimene munthu wosowa mtengo wogwira amasankha: adzawabereka n'kuthamanga, mivi ikabwera ibwere.

M'mawa mwake anapalasa ndi anthu ochepa, a Safoti ndi Akibori ali momwemo. Atakhota thanthwe, Arishi anaima. A Baliyatoni anali atakhala tsonga, atatsamira mtengo wa chisakasa, chikho cha mkaka chili pamiyendo. Pachifuwa pawo panali popakidwa zobiriwira. Maso anali atalowa, koma anali maso awo akale.

"Mwabwera, alesi inu. Thanga lija mwalisoka?"

"Bambo." Arishi anasendera pafupi. Anagwada kunja kwa mphonje.

"Malungo anatha dzulo. Pali munthu wina wa chipsera patsaya amene amandimwetsa zowawa ngati ndulu. Ndikalavula amandimwetsanso, wopanda chisoni ngati amako." Anatembenuza tsaya kumwera n'kutsinzina. "Mphepo iyi yayamba liti, Safoti?"

"Yatenga masiku, akulu."

"Ndiye mukudikira chiyani? Ndinakuphunzitsa kuotha dzuwa ine?"

A Safoti anayang'ana pansi. Nkhalambayo inayang'ana mulu wa golide, umene tsopano unali utakwirira mphonje za mbali yonse ya kumapazi, kenaka inagwira ulusi umodzi wofiira n'kuupotokola ndi zala. Sanafunse kanthu. Munthu amene anayala mikeka imeneyi kwa moyo wake wonse sakanafunika kumuuza.

"Ndine, bambo," anatero Arishi. "Panali nyerere. Sindinaganize."

"Ndikudziwa kuti sunaganize. Unayamba liti kuganiza?" Ananena mofatsa, moti chinamupweteka kuposa kutukwana.

"Kwerani kumsana. Kabwato kali pafupi. Ndithamanga."

"Uthamanga. Ndi miyendo ya bakha imeneyo, pamchenga, utabereka munthu." Anaseka mpaka kutsokomola. "Tiyerekeze wafika. Chaka chamawa ana a ku Gadiri adzafukiza utsi pano, ndipo adzawayankha ndi mivi. Adzafunsa kuti anatseka gombe ndani, adzati Baliyatoni. Ine ndinayamba kufika pano ndili mnyamata, madzi akatayika saoleka, koma dzina langa usalitayire pamwamba."

"Akukufunirani chiyani anthu amenewa? Mwina akufuna kukuperekani nsembe."

"Munthu wa nsembe samuchiritsa malungo n'kumuchotsa nsabwe. Chilankhulo chawo sindikumva, koma amabwera ndi ana awo kudzandipatsa moni. Mwina akuti ndine woitana mphepo, poti amandiona kumbuyo kwa chombo chaka ndi chaka." Anapukusa mutu. "Kapena angoona kuti anthu oika bambo wawo pamkeka wa malonda sayenera kukhala naye."

Arishi anabisa nkhope m'manja. Nkhalambayo inaona kuti nthabwala yapyola, ndipo pakamwa pake panagwedera, koma kupepesa sinali ntchito imene inaphunzirapo. Kunkhalango kunamveka kanthambi kakuthyoka. Akibori, amene masiku onsewa sankasowa chonena, anali akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Leka kulira pamaso pa ogula, utsitsa mtengo," anatero a Baliyatoni. "Sendera kuno. Ukamuuze amako kuti mkuyu wa kuseri kwa nyumba asaudule, ngakhale mlamu wako anene zotani. Mkazi wako akabereka wamwamuna, dzina ukulidziwa. Tandionetsa dzanja, ndione ngati nkhafi yakuphunzitsa kanthu."

Arishi anatambasula dzanja, chikhatho kumwamba, osadutsa mphonje. Anachita monga ankachitira ali mwana, osaganiza kachiwiri. Nkhalambayo inawerama ngati ikuyang'ana matuza. Kenaka, mofulumira kuposa mmene wodwala angathere, inatapa golide, inamuthira m'chikhathocho, n'kutseka zala za mwana wake ndi manja ake onse awiri.

"Ayi, bambo. Siyani. Ndisiyeni."

Anayesa kutsegula, anayesa kukoka, koma manja amene anagwira chiwongolero m'zimphepo za moyo wonse sanamasuke. A Baliyatoni anakweza chibakeracho m'mwamba, pamwamba pa mitu yawo, nachigwira pomwepo kuti a m'mitengo aone bwino. Timiyala ta golide tinkalasa Arishi m'chikhatho. Manja a bambo ake anali ozizira bwino, opanda malungo, ndipo kanali koyamba kuwakhudza chiwagonekere pamkekapo.

M'nkhalango munalira lipenga.

"Zatha," inatero nkhalambayo, n'kumusiya. "Safoti, tola wotsalayo. Akibori, ukabisa kamodzi m'kamwa ndidzakulotetsa. Chotsani mwanayu pano, eni katundu akubwera."

Anatola mwakachetechete, n'kuthira m'chovala cha a Safoti. Arishi sanakane pamene anamudzutsa. Anayenda chobwerera m'mbuyo mpaka madzi anamufika m'maondo, ndipo wina anamukankhira m'kabwato n'kumupatsa nkhafi, poti munthu wogwira nkhafi sadumphira m'madzi. Chibakera chake chinali chikadali chotseka. Akibori ndiye anachitsegula, chala chimodzichimodzi.

Eni dziko anatuluka ambiri kuposa masiku onse, amuna ndi akazi, atanyamula machira a zikopa. Popalasa munthu amayang'ana kumene akuchoka, choncho Arishi anaona zonse. Anaona wa chipsera uja akugwada, anaona akuwakweza pamachira, anaona wina akukulunga mkeka n'kuusenza paphewa. Misozi inamutseka maso, nkhafi yake inayamba kumenya madzi mwachisawawa, ndipo kabwato kanakhotera kumiyala.

Pamenepo mawu anadutsa pamwamba pa mafunde, osasa, aukali, omwe aja amene chombo chonse chinkawaopa.

"Arishi! Ukupalasa ngati ukutakasa mphodza! Miza nkhafi yonse, mwana iwe!"

Arishi anamiza nkhafi yonse, ndipo kabwato kanawongoka.